Yunivesite ikutani kumunda ndi kukhitchini? Kumvetsa ulangizi wa mayunivesite a ku America

Pa 4 Julayi 2025, Pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo lalikulu lokhudza misonkho ndi kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma ku United States. Mkati mwa masamba ake ambirimbiri munali kandime kothetsa ndalama za SNAP-Ed, pulogalamu yophunzitsa mabanja opeza movutikira kagulidwe ndi kaphikidwe ka chakudya chopatsa thanzi, imene inkalandira madola oposa 500 miliyoni pachaka. Posakhalitsa mayunivesite angapo anayamba kulengeza kuti achotsa anthu ntchito. Apa ndi pamene ambiri otsatira nkhaniyi anasokonezeka. Yunivesite, malo a mapulofesa ndi madigiri, inalemba bwanji ntchito munthu wophunzitsa kuphika nyemba? Nanga ndalama za chakudya cha osauka zinkadzera bwanji m'manja mwa yunivesite?

Yankho lili m'dongosolo lina la zaka zoposa 110 lotchedwa Cooperative Extension. Pafupifupi dera lililonse la ku America lili ndi kaofesi kokhala ndi chikwangwani cha yunivesite imene mwina ili makilomita mazana angapo kuchokera pamenepo. Munthu amalowamo atanyamula tsamba lodwala la tomato, kathumba ka dothi, kapena funso la kasungidwe ka chakudya. Salembetsa sukulu, salemba mayeso, satulukamo ndi satifiketi. Kuti zonsezi zimveke, pali mawu angapo ofunika kuwamasula limodzilimodzi.

Ulangizi

Mawu achingerezi oti extension amatanthauza kutalikitsa chinthu kuti chifike pamene sichinkafika. Pachichewa timati ulangizi, ndipo wogwira ntchitoyo ndi mlangizi. Mawu awiriwa sayang'ana mbali imodzi ayi. Ulangizi umatikumbutsa munthu amene akulandira malangizo, pamene extension imatikumbutsa kumene nzeruzo zikuchokera.

Chodabwitsa n'chakuti mawuwa sanabadwire kumunda. Mu 1873, yunivesite ya Cambridge ku England, chifukwa cha khama la mphunzitsi wake James Stuart, inayamba kutumiza aphunzitsi kumizinda ya mafakitale monga Nottingham, Derby ndi Leicester kukaphunzitsa anthu amene sakanalowa pageti pake: amisiri, makalaliki, komanso amayi, amene Cambridge inali isanayambe kuwapatsa madigiri. Ankaphunzitsa zolembalemba, sayansi ndi zachuma. Oxford inatsatira mu 1878. Za ulimi zinaphukira kwina. Mu 1847, matenda atawononga mbatata ya kachewere ku Ireland n'kudzetsa njala imene inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, Lord Clarendon, yemwe ankaimira ufumu wa Britain pachilumbapo, anapempha kuti pasankhidwe aphunzitsi oyendayenda, okaonetsa alimi ang'onoang'ono kalimidwe ka mbewu zina. Maganizo awiriwa, loti yunivesite ituluke pampanda ndi loti mlimi ayenderedwe pamunda pake, anakakumana ku America.

Ambiri amafanizira ulangizi ndi thanki ya madzi ndi mapaipi ake: yunivesite ndiyo thanki, alangizi ndiwo mapaipi, mlimi ndiye wotunga pampopi. Fanizoli limathandiza, koma lili ndi chilema. Madzi a mupaipi sabwerera kuthanki. Mkangano waukulu wokhudza ulangizi wagona pomwepa, ndipo tiupeza kutsogoloku.

Yunivesite yopatsidwa malo

Si yunivesite iliyonse ku America imene ili ndi udindo wa ulangizi. Harvard ilibe, Yale ilibe. Udindowu uli pa gulu la mayunivesite otchedwa land-grant, kutanthauza opatsidwa malo.

Pa 2 Julayi 1862, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, Pulezidenti Abraham Lincoln anasaina lamulo limene anabweretsa phungu Justin Morrill wa ku Vermont. Chigawo chilichonse cha dzikolo (state) chinapatsidwa maekala 30,000 pa phungu aliyense amene chinali naye ku Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse. Malowo sanali oti amangepo sukulu kwenikweni. Anali oti agulitsidwe, ndalamazo zisungidwe, ndipo chiwongoladzanja chake chiziyendetsa koleji yophunzitsa ulimi ndi umisiri kwa ana a anthu wamba. Zili ngati kholo limene lagulitsa munda, n'kuika ndalama kubanki, n'kulamula kuti ana azidya phindu lokha, mpamba asaukhudze. Cornell, Iowa State, Michigan State, Penn State, Texas A&M ndi University of California ndi ena mwa mayunivesite amene anapindula ndi lamuloli.

Malamulo ena anadzaonjezera. La Hatch, la mu 1887, linapereka madola 15,000 pachaka kuchigawo chilichonse kuti chikhale ndi malo ochitira kafukufuku wa zaulimi. Lachiwiri la Morrill, la mu 1890, linauza zigawo zakumwera kuti ngati sizilola anthu akuda m'makoleji awo, ziwatsegulire awoawo. Lero mayunivesite a gulu limeneli alipo 19, kuphatikizapo Tuskegee, Alcorn State ndi North Carolina A&T. Mu 1994 makoleji a mitundu ya eni dziko oyambirira, anthu amene anali ku America azungu asanafike, nawo analowetsedwa m'gululi.

Funso lakuti maekala aja anali a yani linakhala zaka zambiri losafunsidwa mokweza. Mu 2020, magazini ya High Country News inatulutsa kafukufuku wa Robert Lee ndi Tristan Ahtone wosonyeza kuti maekala pafupifupi 10.7 miliyoni anachokera kwa mitundu ya eni dziko pafupifupi 250, ena mwa mapangano okakamiza, ena mongolanda. Oyamikira lamulo la Morrill amati linatsegula maphunziro apamwamba kwa mwana wa mlimi. Odandaula amati linatero ndi chuma cha eni ake. Zonse ziwiri n'zolembedwa m'mabuku a boma.

Munda wachitsanzo

Kukhala ndi koleji ndi malo a kafukufuku sikunasinthe ulimi msanga. Akatswiri ankalemba timabuku, n'kumachititsa misonkhano ya masiku awiri kapena atatu m'matauni, ndipo nthawi zina ankayenda pasitima yodzaza zionetsero. Alimi ankamvetsera mwaulemu, n'kubwerera kukalima monga kale. Sikuti anali ouma mutu. Munthu amene banja lake lonse limadalira zokolola za chaka chimodzi sangachite juga ndi munda chifukwa cha mawu a mlendo wovala tayi amene mawa akwera sitima n'kumapita.

Amene anaona bwino vutoli anali Seaman Knapp, mkulu wa zaka pafupifupi 70 amene kale anatsogolerapo koleji ya zaulimi ku Iowa. Nthawi imeneyo alimi a thonje ku Texas anali pa mantha ndi kachilombo kofanana ndi nankafumbwe, kamene kamaikira mazira m'maluwa a thonje ndi m'zipatso zake zisanang'ambike. Kanalowa m'dzikomo cha mu 1892 kuchokera ku Mexico. Mu 1903, Knapp anapita kutauni ya Terrell, ndipo m'malo motsegula munda wa boma, anapempha anthu kuti asankhe mlimi mnzawo. Anasankha Walter Porter. Iye anavomera kulima maekala 70 potsatira malangizo a Knapp pa kasankhidwe ka mbewu, kagaulidwe, feteleza ndi kupalira pafupipafupi. Amalonda a m'tauniyo anasonkha madola 1,000 n'kuwaika kubanki kuti Porter akaluza, am'bwezere. Ndalamazo sizinakhudzidwe. Pokolola, Porter anapeza madola 700 kuposa amene akanapeza akanalima mwachizolowezi.

Chinsinsi chake chinali m'zinthu zitatu zooneka zazing'ono. Munda unali wa mlimi, osati wa boma, choncho palibe akanati zatheka chifukwa boma lili ndi ndalama. Manja olima anali a mlimi yemweyo. Ndipo chiopsezo cha kuluza chinasenzedwa ndi ena. Knapp ankaphunzitsa kuti munthu angakayike zimene wamva, mwinanso zimene waona, koma sangakayike zimene wachita yekha. N'chimodzimodzi ndi kusambira: ungawerenge buku lonse, koma umakhulupirira kuti madzi amanyamula munthu tsiku limene akunyamula iweyo.

Ku Alabama, sukulu ya Tuskegee, motsogozedwa ndi Booker T. Washington, inali kale pa ntchito yofananayo pakati pa alimi akuda, ambiri mwa iwo olima minda ya eni ake mogawana zokolola. Mu 1906, George Washington Carver, katswiri wa zaulimi wa pasukulupo, anakonza ngolo yokokedwa ndi nyama, yonyamula pulawo, mbewu ndi zipangizo zopangira batala, kuti sukulu izipita kwa amene sangabwere kusukulu. Ngoloyo inatchedwa Jesup, dzina la mkulu wa banki wa ku New York amene analipira. Woiyendetsa, Thomas Monroe Campbell, anakhala mlangizi woyamba wakuda kulembedwa ndi boma m'chaka chomwecho.

Mabwana atatu, wantchito mmodzi

Pa 8 Meyi 1914, Pulezidenti Woodrow Wilson anasaina lamulo la Smith-Lever, lotchedwa mayina a Hoke Smith wa ku Georgia ndi Asbury Lever wa ku South Carolina. Ndilo linasandutsa zoyesayesa zija kukhala dongosolo la dziko lonse. Liwu loti cooperative m'dzina lake silikunena za makopaletivu a alimi. Likunena za mgwirizano wa olipira atatu: boma lalikulu kudzera mu unduna wa zaulimi wa USDA, boma la chigawo kudzera mu yunivesite, ndi boma la dera laling'ono lotchedwa county. Madera otere alipo oposa 3,000. Ndalama za boma lalikulu zimadza ndi lamulo lakuti chigawo chiikepo zakenso.

Tiyerekeze mlonda mmodzi wolembedwa ndi nyumba zitatu. Ubwino wake, nyumba imodzi ikachedwa kulipira, ntchito siima, ndipo palibe nyumba imene ingamulamule yokha. Kuipa kwake, zinthu zikathina nyumba iliyonse imayang'ana inzake, ndipo mlondayo amayenera kusangalatsa mabwana atatu ofuna zosiyana. Yunivesite imafuna kafukufuku ndi malipoti. County imafuna munthu woyankha foni ndi wopezeka pachionetsero cha zaulimi. Boma lalikulu limafuna manambala.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku imaoneka bwino pa kuyeza dothi. Kuofesi amakupatsani kathumba ndi fomu. Mumayenda mokhotakhota m'munda kapena m'dimba, kukumba malo 10 kapena 15 kuya kwa masentimita 15 mpaka 20, n'kusakaniza dothilo mundowa yapulasitiki, chifukwa ndowa yachitsulo yokutidwa ndi zinki ingasokoneze zotsatira. Pafomupo mumalemba mbewu imene mukufuna kudzala. Labotale ya yunivesite imayeza kuwawasa kwa dothi, fosiforasi ndi potaziyamu, n'kubweza pepala lonena kuchuluka kwa laimu ndi feteleza wofunika. Nthawi zina pepalalo limati musathire fosiforasi konse, alipo kale wokwanira. Mawu amenewa ndi ovuta kuwamva kuchokera kwa wogulitsa feteleza, ndipo otetezera ulangizi amati phindu lake lonse lagona pamenepo: mlangizi alibe chogulitsa.

Mbiri yake siyoyera mbee. Lamulo la 1914 linasiyira zigawo ufulu wosankha koleji yolandira ndalama, ndipo kumwera zinapita kumakoleji a azungu. Alangizi akuda ankagwira ntchito paokha, pamalipiro otsika, mpaka lamulo la ufulu wa anthu la 1964 litathetsa tsankho loonekera. Nkhani ya kusiyana kwa malipiro ku North Carolina inakafika ku Khoti Lalikulu mu 1986, pamlandu wa Bazemore ndi Friday. Komanso m'zaka zoyambirira alangizi ambiri anali ogwirizana kwambiri ndi bungwe la alimi la Farm Bureau, limene linkalipirako malipiro awo, mpaka boma linalamula kuti awiriwa asiyane m'zaka za m'ma 1950.

Za pakhomo

Anthu ambiri sadziwa kuti lamulo la Smith-Lever linatchula zinthu ziwiri: ulimi ndi kasamalidwe ka pakhomo. Maganizo ake anali akuti famu si munda wokha. Ndi banja limene limadya, kudwala, kukongola ndi kulera ana.

Mbali imeneyi inayamba ndi tomato. Mu 1910, mphunzitsi wina wa ku Aiken, South Carolina, dzina lake Marie Cromer, anaona anyamata ali ndi makalabu olima chimanga, atsikana alibe kanthu. Anasonkhanitsa atsikana, aliyense n'kulima tomato pa gawo limodzi mwa magawo 10 a ekala, n'kuphunzira kumusunga m'zitini kuti adye ndi kugulitsa. Kudzera mwa atsikanawo, alangizi achizimayi analowa m'makhitchini a amayi awo. Maphunziro a zapakhomo okha anali atayamba kale kuzika mizu chifukwa cha Ellen Swallow Richards, katswiri wa kemisitiri, mayi woyamba kuphunzira pa yunivesite ya sayansi ndi umisiri ya MIT, amene ankaona madzi akumwa, mpweya wa m'nyumba ndi zakudya ngati nkhani za sayansi.

Wina angaseke kuti yunivesite ikuphunzitsa kutseka mabotolo. Koma taonani zimene zili m'botolomo. Bakiteriya wotchedwa Clostridium botulinum amakhala m'dothi, ndipo timbewu take sitifa ndi madzi owira pa madigiri 100. Tikatsekeredwa m'botolo lopanda mpweya, momwe muli chakudya chosawawasa monga zitheba, chimanga chachiwisi kapena nyama, timatulutsa poizoni wopuwalitsa minofu, ndipo nthawi zina chakudyacho sichinunkha n'komwe. Malire ake ndi 4.6 pa pH, muyezo wa kuwawasa kwa zinthu. Chakudya chowawasa kuposa pamenepo chingasungidwe pongowiritsa mabotolo m'madzi. Chosawawasa chimafuna mphika wotseka mothina, wosunga nthunzi, umene umafika madigiri 116. Tomato ali pamalire penipeni, n'chifukwa chake malangizo amati muthire masipuni aakulu awiri a madzi a mandimu a m'botolo pa botolo lililonse la pafupifupi lita imodzi. Kumapiri madzi amawira asanafike madigiri 100, ndiye nthawi kapena mphamvu ya nthunzi imaonjezedwa. Maofesi ambiri a ulangizi amayeza geji ya mphikawo kuti aone ngati ikunena zoona. Palibe agogo, ngakhale odziwa kuphika chotani, amene akanatulukira manambalawa ndi lilime. Pano mwambi uja woti safunsa anadya phula umakhala weniweni.

M'kupita kwa zaka, za pakhomo zinakula. Mu 1969 inayamba pulogalamu ya EFNEP, imene inalemba ntchito anthu ochokera m'madera osauka omwewo, ambiri opanda digiri, kuti aziphunzitsa anzawo za kadyedwe. SNAP-Ed inayamba mu 1992, ndipo m'zigawo zambiri amene anapatsidwa ntchito yoiyendetsa anali mayunivesite omwewa, popeza anali kale ndi maofesi paliponse. Umu ndi mmene ndalama zija zinkafikira kuyunivesite. M'zaka za m'ma 1980, mitengo ya minda itagwa ndipo mabanki akulanda mafamu, ulangizi wa ku Iowa State unatsegula nambala ya foni yothandiza mabanja pa za ngongole, malamulo ndi nkhawa. Lero kuli maphunziro a kalembedwe ka bajeti, kulera ana makolo akasiyana, kusamalira okalamba, ndi kugawa famu kwa ana popanda kudana.

Ana ali ndi nthambi yawo, 4-H. Zilembo zinayizo zikuimira mawu achingerezi a mutu, mtima, manja ndi thanzi. Chiyambi chake ambiri amachiika pa kalabu imene A. B. Graham anayambitsa ku Clark County, Ohio, mu 1902. Nzeru yake inali yochenjera ndithu: bambo wokana mbewu yatsopano amavutika kutsutsa ekala ya mwana wake ikabereka kuposa yake. Masiku ano 4-H imafikira ana pafupifupi 6 miliyoni, ndipo ambiri sakhala pafamu. Ena amaweta nkhosa, ena amapanga maloboti.

Nayonso mbali ya pakhomo ili ndi oidzudzula. Akatswiri ena a mbiri amati kwa zaka zambiri inkagawa ntchito mwa chibadwa, mwamuna kumunda, mkazi kukhitchini, pamene amayi ambiri ankalima ndi kusunga mabuku a famu. Amatinso inkayesa nyumba iliyonse ndi muyezo wa mabanja achizungu opeza bwino. Ena amayankha kuti makalabu omwewo anapatsa amayi akumidzi ndalama zawozawo ndi malo olankhulira pagulu.

Odzipereka a kudimba

Pulogalamu ya Master Gardener inabadwa chifukwa cha foni yosaleka kulira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, David Gibby ndi William Scheer, alangizi a Washington State University m'madera a Seattle ndi Tacoma, analemedwa ndi mafunso a anthu a m'tauni okhudza maluwa, kapinga ndi ndiwo zamasamba. Anaganiza zophunzitsa anthu okonda dimba, kuti nawo abweze ndi maola othandiza anzawo. Gulu loyamba linaphunzitsidwa mu 1973. Lero pulogalamuyi ili m'zigawo zonse 50 ndi mbali zina za Canada. Kawirikawiri munthu amaphunzira maola 40 kapena kuposerapo za dothi, tizilombo, matenda a zomera ndi mankhwala, kenako n'kudzipereka maola ofanana nawo.

Amagwira ntchito ngati namwino wolandira odwala pakhomo la chipatala. Zambiri amazithetsa yekha, zovuta amazitumiza kwa katswiri. Ndipo amaphunzitsidwa kufunsa asanayankhe: masamba achikasuwo ndi akale kapena atsopano, mumathirira kangati, mwapoperapo chiyani posachedwa. Nthawi zambiri chomera chimakhala chikufa ndi madzi ochuluka, osati kachilombo. Lamulo lawo lalikulu n'lakuti apereke malangizo ochokera ku kafukufuku wa yunivesite, osati zimene anamva kwa mnansi.

Nzeru imafalikira bwanji, ndipo imapindulira yani

Mu 1943, Bryce Ryan ndi Neal Gross a ku Iowa State anafalitsa zimene anapeza atacheza ndi alimi 259 za mmene anayambira kudzala chimanga cha haibulidi. Ambiri anamva koyamba kwa ogulitsa mbewu, koma amene anawakopa kuti ayese anali anansi awo. Pafupifupi onse anayamba ndi kachigawo kakang'ono ka munda. Everett Rogers anakulitsa maganizowa mu 1962, n'kugawa anthu m'magulu kuyambira othamangira zatsopano mpaka otsalira.

Alangizi anatengapo phunziro looneka lanzeru: yambani ndi mlimi wotsogola, ena adzaonera. Vuto n'lakuti wotsogola nthawi zambiri amakhala wamunda waukulu ndi wokhoza kukongola. Katswiri wa zachuma Willard Cochrane anaonetsa kuti oyamba kulandira luso latsopano amapindula, kenako zokolola zikachuluka mitengo imatsika, ndipo ochedwa amagulitsa minda yawo kwa oyamba aja. Zili ngati pabwalo la mpira: woyamba kuimirira amaona bwino, koma onse akaimirira palibe wapindula, ndipo wamfupi saonanso kanthu.

Chitsanzo chotchuka ndi makina okololera tomato amene Jack Hanna ndi Coby Lorenzen anapanga pa University of California ku Davis, pamodzi ndi mtundu wa tomato wolimba khungu. Pulogalamu yobweretsa antchito a m'minda kuchokera ku Mexico itatha mu 1964, makinawo anafalikira m'zaka zochepa. Ku California, alimi a tomato wa kufakitale anatsika kuchoka pa pafupifupi 4,000 kufika pa pafupifupi 600 m'zaka khumi. Jim Hightower analemba mu 1972 kuti mayunivesite opatsidwa malo asanduka antchito a makampani aakulu. Mu 1979 maloya oimira antchito a m'minda anasumira yunivesiteyo, ndipo patatha zaka khumi khoti la apilo linagamula mokomera yunivesite. Oikira kumbuyo makinawo amati popanda iwo ulimi wa tomato ukanasamukira kunja.

Katswiri wa zamaphunziro Paulo Freire wa ku Brazil, akugwira ntchito ku Chile kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, anatsutsa liwu lenilenilo la extension. Anati limaonetsa mlimi ngati chotengera chopanda kanthu chodikira kudzazidwa. Apa tabwerera ku thanki ija. Dongosolo la ku America litatengedwa kupita kwina, mkanganowu unapita nalo. India inatsegula yunivesite ya zaulimi ku Pantnagar mu 1960 mothandizidwa ndi University of Illinois. Banki Yaikulu Padziko Lonse inafalitsa kuyambira m'ma 1970 njira ya Daniel Benor, yoti mlangizi aziyendera alimi osankhidwa masabata awiri alionse ndi uthenga wokonzedwa kale kulikulu, koma inadzasiyidwa chifukwa cha kudula ndi kuuma kwake. Ku Indonesia, mu 1989, kunayamba sukulu za m'munda, zimene alimi a mpunga amakumana sabata iliyonse kuwerenga okha tizilombo toononga ndi todya tinzake, n'kusankha okha ngati kupopera kukufunika. Mlangizi pamenepo amafunsa mafunso kuposa kuyankha.

Mafunso amene adakalipo

Loyamba ndi lakuti ulangizi ndi wa yani tsopano. Mu 1914, pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse ogwira ntchito ku America anali kumunda. Lero sakwana awiri pa 100. Mafamu anali 6.8 miliyoni mu 1935, ndipo kalembera wa 2022 anapeza 1.9 miliyoni. Mafamu aakulu kwambiri ali ndi akatswiri awoawo olipidwa. Ena amati ulangizi ubwerere ku ulimi weniweni, umene unaukhazikitsira. Ena amati okhometsa msonkho ali m'tauni, ndipo madimba a m'mizinda, kadyedwe ndi ana ndiwo tsogolo lake. Mlangizi mmodzi sangakhale katswiri wa ng'ombe, wa matenda a shuga ndi wa maloboti nthawi imodzi.

Lachiwiri ndi la ndalama. Gawo la boma lalikulu lakhala likuchepa poyerekeza ndi kale, ndipo zigawo zingapo, monga Minnesota ndi Iowa, zinasintha n'kuika akatswiri m'maofesi oyang'anira madera angapo. Katswiri wotere amadziwa zakuya, koma sadziwa kuti munda wa uje umadikha madzi mbali iti. Mpata wotsala umadzazidwa ndi ndalama zopikisanirana za zaka ziwiri kapena zitatu, malipiro a maphunziro, ndi thandizo la makampani. Kodi malangizo angakhalebe osakondera ngati kafukufuku wake analipira ndi wopanga mankhwala amene akuyesedwa? Mayunivesite amati ali ndi malamulo oteteza zimenezi. Okayikira amati vuto si kunama, koma mafunso amene safufuzidwa chifukwa palibe wowalipirira.

Palinso ngongole zakale. Mu Seputembala 2023, nduna za maphunziro ndi zaulimi za nthawiyo, Miguel Cardona ndi Tom Vilsack, zinalembera abwanamkubwa a zigawo 16 kuti mayunivesite awo a gulu la 1890 anamanidwa madola oposa 12 biliyoni pakati pa 1987 ndi 2020 poyerekeza ndi anzawo a 1862. Zigawo zina zinatsutsa kawerengedweko. Za malo a eni dziko, mayunivesite ena ayamba kuchotsera fizi ophunzira a mitunduyo, ena angolemba mawu ovomereza mbiriyo. Chokwanira n'chiti, palibe mgwirizano.

Nanga phindu la ulangizi limayezedwa bwanji? Pa SNAP-Ed, ofuna kuithetsa ankati ikubwereza ntchito ya EFNEP, ndipo ankaloza lipoti la 2019 la ofesi yolondoloza ndalama za boma ya GAO, lakuti USDA inalibe umboni wokwanira wodziwira ngati pulogalamuyo ikukwaniritsa zolinga zake. Oiteteza ankati ndalamazo n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene dziko limaononga pa matenda odza ndi kadyedwe, ndiponso kuti kusowa kwa muyezo umodzi wa dziko lonse si umboni woti sinkagwira ntchito. Kuwerenga anthu obwera kumaphunziro n'kosavuta. Kuwerenga mabotolo amene sanaphe munthu, kapena feteleza amene sanathiridwe pachabe, n'kovuta.

Chomaliza ndi foni ya m'manja. Munthu akhoza kujambula tsamba lodwala n'kulandira yankho m'masekondi kuchokera pa YouTube, Facebook kapena mapulogalamu a nzeru zopangidwa. Ena amaona kuti ofesi ya ku county yatha ntchito. Ena amati malangizo akachuluka chonchi, m'pamene pakufunika wina wodziwa dothi ndi nyengo ya dera lenilenilo, amene mungamubwerere chaka chamawa malangizo ake akalephera. Mapulogalamu a nzeru zopangidwawo amaphunzira kuchokera ku zolembedwa za pa intaneti, ndipo zina mwa zodalirika za ulimi ndi madimba zinalembedwa ndi alangizi omwewa. Maofesiwo akachepa, adzalemba ndani za kachilombo kamene kadzafike chaka chamawa?